Phunziro la Mwezi Uno: Za Kukula kwa Mwana pa Sukulu ya Mpingo

Muyambe mwawerenga Luka 2:40-52, ndi 1 Akorinto 12:12-27.

Mvula yakhazikika, udzu wakula m'minda, ndipo ino ndiyo nyengo imene aphunzitsi aitana maina m'mawa, nayankha ana owerengeka okha. Wina watsala kupalira, wina wapita kuganyu kukafuna ufa, ndipo mtsikana wasiyidwa pakhomo kulera khanda. Chifukwa chake tati mwezi uno tiphunzire pamodzi za sukulu ya mpingo, kuti tidziwe chimene mwana ataya pamene ajomba, ndi chimene ife akulu tiyenera kuchita.

Mlaliki Luka, ponena za ubwana wa Ambuye, atisonyeza kukula kwa mbali zinayi: nzeru, thupi, chiyanjano ndi Mulungu, ndi chiyanjano ndi anthu. Mpando wa miyendo inayi ukathyoka mwendo umodzi, wokhalapo agwa, ngakhale itatu yotsalayo ikhale yolimba. Momwemonso sukulu yoyenera dzina la Chikhristu isamala mbali zonse zinayi. Tizione imodzi imodzi, koma tiyambe takumbuka kumene tinachokera.

1. Chiyambi chake

M'chaka cha 1889 abusa awiri a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, Andrew C. Murray ndi T. C. B. Vlok, anafika m'dziko la Mfumu Chiwere, namanga misasa yawo pa Mvera. M'chaka cha 1894 Robert Blake anayamba ntchito pa Kongwe, ndipo mu 1896 mishoni inakhazikika pa Nkhoma, m'dziko la Mfumu Mazengera, masiku amene anthu ambiri anali kukhala paphiri chifukwa cha kuopa nkhondo. Kuchokera m'malo amenewa masukulu anafalikira m'midzi kufikira anakwana mazana ambiri.

Sukulu ya m'mudzi ya masiku aja inali nyumba ya mitengo ndi dothi, yofolera udzu, ndipo eni mudzi ndiwo anaimanga ndi manja awo. Nyumba yomweyo inali yopemphereramo tsiku la Mulungu. Mphunzitsi anali mlaliki yemwe, wokhala pakati pa anthu, wolima munda wake monga iwo. Ophunzira anakhala pansi kapena pa zipika, nalemba ndi chala pamchenga, ndipo pambuyo pake pa sileti. Akulu a ndevu anakhala pamodzi ndi ana, osachita manyazi, pakuti anafuna kudziwerengera okha Mawu a Mulungu. Chikhumbo chimenecho chinakwanira m'chaka cha 1922, pamene Buku Lopatulika lonse linatuluka m'chinenero chathu. William H. Murray ndiye anatsogolera ntchito yomasulirayo zaka zambiri, pamodzi ndi anzake a mishoni zina ndi anthu a dziko lino odziwa kuya kwa chinenero.

Zipatso zake sizinachedwe. Mu 1925 Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza anadzozedwa ubusa, oyamba a chigawo cha Nkhoma. Mu 1933 mphunzitsi Samuel Josia Ntara analandira mphotho pa mpikisano wa olemba mabuku m'zinenero za mu Africa chifukwa cha buku lake lotchedwa Nthondo, ndipo pambuyo pake analembanso Mbiri ya Achewa. Onsewa anayambira pa zilembo zisanu zomwezo zimene mwana wanu aimba lero.

2. Kukula m'nzeru

Tsiku la sukulu liyamba ndi kusesa bwalo, kufola m'mizere, nyimbo ndi pemphero. Pamenepo ana alowa, nayamba ntchito ya mutu. Tizindikire makhalidwe a ntchito imeneyi. Kuphunzira kufanana ndi kumanga khoma la njerwa: mzere wa lero ukhala pamwamba pa mzere wa dzulo. Mwana ayamba kudziwa a, e, i, o, u. Akatero aphatikiza zilembo, napanga ba, be, bi. Akatero alumikiza maphatikizo, napeza mawu. Ndipo potsiriza mawu apanga chiganizo. M'masamu momwemonso, wosadziwa kuphatikiza sangathe kuchulukitsa, pakuti kuchulukitsa ndiko kuphatikiza kobwerezabwereza.

Tsono mwana akajomba masabata awiri, pobwera apeza anzake amanga mizere khumi ya njerwa, iye palibe poika yake. Mphunzitsi wa ana ochuluka sangathe kubwerera chifukwa cha mmodzi. Mwanayo akhala kumbuyo chete, anzake amseka, ndipo posachedwa anena kwa amake, Sukulu yandikanika. Makolo navomera kuti mwana alibe mutu, koma chimene chinamsowa ndi masiku khumi aja.

Ena afunsa, Nanga wolima afuniranji masamu? Taonani chitsanzo. Thumba la chimanga lilemera makilogalamu 50. Wogula wachinyengo akalemba 45 pa thumba lililonse, ndipo inu mwagulitsa matumba 10, mwam'patsa thumba limodzi lathunthu kwaulere, inu osadziwa. Mwana wa Sitandade 4 wodziwa kuwerenga sikelo akhoza kupulumutsa thumba limenelo. Ndiponso pali pepala la mankhwala lonena kamwedwe kake, kalata ya m'bale ali ku Joni, chikalata cha ngongole chofuna chidindo cha chala. Wosawerenga ayenda m'zonsezi ndi maso a munthu wina.

3. Kukula m'ntchito ya manja

Amishoni a pa Mvera ndi pa Nkhoma anaika mtima kwambiri pa ntchito ya manja. Anyamata anaphunzira ulimi, kupala matabwa, kuumba ndi kuotcha njerwa, kufufuta zikopa ndi kusoka nsapato, ndiponso kusindikiza mabuku. Atsikana a m'nyumba zogonera anaphunzira kusoka, kuphika, kuchapa ndi kulera ana mwaukhondo. Alendo a bungwe la Phelps-Stokes, amene anayendera masukulu a dziko lino mu 1924, anatamanda ntchito imeneyi.

Koma tisabise mbali ina. Mishoni yomweyo inachedwa kuphunzitsa Chingerezi ndi maphunziro apamwamba, ndipo ambiri anadandaula poona kuti ntchito za ukalaliki zinali kugwa m'manja mwa ophunzira a ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Dandaulo lawo linali loona. Phunziro lake ndi ili, kuti khasu ndi buku ziyendere pamodzi. Sukulu yopatsa khasu lokha imanga mwana pamalo amodzi, ndipo yopatsa buku lokha itulutsa mnyamata wonyada, woyenda ndi cholembera m'thumba, wodya nsima imene amake okalamba analima. Ambuye wathu anadziwika kwawo monga mmisiri wa matabwa, ndipo Paulo, munthu wophunzira kwambiri, anadzidyetsa ndi kusoka mahema. Chifukwa chake mwana akauzidwa kuthirira dimba la sukulu kapena kubzala mitengo m'malire, makolo asanene kuti mphunzitsi alimitsa ana. Chofunika nchakuti a komiti aonetsetse kuti zokolola za dimbalo zipindulira ana eni ake, ndi kuti ntchitoyo siidya nthawi ya maphunziro.

4. Kukula m'thupi: za masewera

Alipo akulu ena oyesa masewera kutaya nthawi. Koma makolo athu sanayese chomwecho. Anali nayo bawo yonola nzeru za kuwerengera, phada wophunzitsa diso ndi dzanja kumvana, nsikwa, chipako, ndi kulimbana kwa anyamata kudambo. Sukulu inawonjezapo mpira wa miyendo, umene malamulo ake analembedwa ku London mu 1863, ndi mpira wa manja, ndi mipikisano ya liwiro. Mwana wokhala pansi m'mawa wonse asowa kuthamanga, kuti mwazi uyende ndi mutu upepuke.

Ndipo pabwalo pali maphunziro amene bolodi singathe kuwapereka. Mpira wa miyendo useweredwa ndi anthu 11 mbali iliyonse, kwa mphindi 90. Mnyamata waluso akaumirira mpira yekha, adani atatu amzinga namlanda. Akapatsira mnzake, mpira ufika kugolo. Mu mpira wa manja osewera ali 7 mbali iliyonse, yense ali ndi malire amene saloledwa kudumpha, wogwira mpira sathamanga nawo, ndipo awiri okha ndiwo aloledwa kugoletsa. Tsono asanu enawo agwira ntchito imene dzina lake limveka pa anzawo. Kodi si chomwecho chimene Paulo aphunzitsa Akorinto za thupi limodzi la ziwalo zambiri, zosatha kukanana? Akale anati, chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pabwalo mwana aphunziranso kumvera woimbira ngakhale pamene aganiza kuti walakwiridwa, ndi kugonja popanda ndewu. Apa tichenjeze akulu. Kawirikawiri ndewu ya pampira iyamba kunja kwa mzere, kwa oonera, amene atukwana woimbira ndi kuponya miyala. Enanso atuma ana kukakwirira zithumwa pagolo usiku. Mwana wophunzitsidwa m'mawa kuti Mulungu ndiye msungi wake, natumidwa madzulo kukakwirira mankhwala, adzakhulupirira ziti? Sukulu ya mpingo igonje ndi manja oyera, ndipo alendo odzasewera apatsidwe madzi ndi kuperekezedwa mwaulemu. Ndiponso bwalo lisakhale la anyamata okha. Atsikana apatsidwe nthawi yawo ndi mpira wawo. Ngati ndalama zogulira mpira palibe, wachikulunga ukwanira kuyambira.

5. Kukula pamaso pa Mulungu ndi anthu

Kwawo mwana adziwa abale ake okha. Pasukulu akhala mpando umodzi ndi mwana wa mfumu, mwana wamasiye, mwana wa mtundu wina, ngakhalenso wa chipembedzo china, pakuti khomo la sukulu ya mpingo litsegukira ana onse a m'deralo. Pamenepo aphunzira kudikira nthawi yake pamzere wa phala, kubweza cholembera chimene anabwereka, ndi kunena zoona pamene zenera lasweka. Pemphero la m'mawa ndi phunziro la Baibulo zipatsa mwana chifukwa cha makhalidwe amenewa, koma ana akhulupirira zimene aona koposa zimene amva. Mphunzitsi wofika mochedwa, kapena woledzera, afafaniza ndi mapazi ake zimene analemba ndi dzanja. Ndipo mphunzitsi wonyenga mtsikana wa sukulu wachita mlandu pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa boma. Mlandu wotere usathere kuseri ndi mbuzi kapena ndalama, koma ufike kwa oyenera kuweruza.

Tiyesenso sukulu yathu ndi muyeso uwu: kodi mwana wolumala, mwana wachialubino, ndi mwana wovala zigamba akhala mwamtendere pakati pa anzake? Ngati atonzedwa ndipo akulu ali chete, chikwangwani cha mpingo chili pamsewu chinena bodza.

6. Mangawa athu

Kuyambira chaka cha 1994 sukulu za pulayimale za boma ndi zothandizidwa ndi boma zilibe fizi, ndipo chaka chomwecho ana olembetsa anachuluka kuchokera pafupi 2 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni. Khomo linatseguka, koma ambiri olowa Sitandade 1 safika Sitandade 8. Tidziwa kuti njala ya Januwale ndi Febuluwale ndi yoona, ndipo sitinyoza kholo losauka. Koma pali zimene mudzi ungathe.

Choyamba, ana alime madzulo ndi Loweruka, ndipo m'mawa ukhale wa sukulu. Mabanja a mpingo athandizane kupalira mwa dima, monga anachitira makolo, kuti munda wa mayi wamasiye usadye sukulu ya ana ake.

Chachiwiri, mtsikana asakwatiwe asanakule. Lamulo la dziko la 2015, lolimbikitsidwa m'malamulo aakulu mu 2017, liletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ndipo mtsikana amene anachembeza aloledwa kubwerera kusukulu. Alangizi a mpingo amlimbikitse, osamtsekera njira ndi mawu onyoza.

Chachitatu, madzulo mwana apatsidwe nyali ndi kanthawi, ndipo awerenge mokweza pamaso pa akulu. Kholo losadziwa kuwerenga lingathe kumvetsera, ndi kuyang'ana ngati kope lalembedwa lero.

Chachinayi, pakaitanidwa kuumba njerwa, kukumba zimbudzi, kapena kukonza nyumba ya mphunzitsi, tituluke tonse. Makolo athu anamanga masukulu oyamba alibe simenti kapena malata. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa pakati pa sabata

1. Tchulani mbali zinayi za kukula kwa mwana. Ndi iti imene sukulu ya kwanu yaisiya m'mbuyo?
2. Chifukwa ninji kujomba masabata awiri kungagwetse mwana chaka chonse?
3. Mpira wa manja utiphunzitsa chiyani za mpingo?
4. M'mudzi mwanu muli ana angati a msinkhu wa sukulu amene sanapite sabata lino? Muwatchule maina, musankhe mkulu mmodzi ndi mayi mmodzi akacheze ndi makolo awo Sabata lisanafike, ndipo pa msonkhano wotsatira afotokoze zimene anapeza.

Ambuye akupatseni nzeru pa kulera ana amene anakuikizani.