Gorodi ndi ngalande zake

Aliyense amene anakwerapo ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba amaudziwa msewu wa Gorodi. Mumatsika basi pa M1 m'mphepete mwa nyanja, n'kukhala pansi pa mtengo kudikira matola kuti adzaze. Akadzaza, anthu, matumba a ufa ndi makatoni a sopo pamodzi, ulendo wa makilomita pafupifupi 15 umayamba, kukwera mamita oposa 700 m'makona akuthwa okwana 20. Pa makona ena dalaivala amabwerera kaye m'mbuyo kuti akhote, phompho lili pambali. Amene alibe ndalama, kapena watopa kudikira, amadula njira zachidule wapansi, katundu pamutu.

Amishoni a ku Scotland anayamba ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881. Malungo anawapha m'malo onse awiri, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anatengera mishoni pamwamba pa Khondowe, pamene pali Livingstonia lero, m'dziko la Aphoka. Udzudzu anauthawa, koma anapeza vuto lina: katundu yense wobwera pa sitima ankatsikira kugombe, ndipo anthu ankamusenza pamutu kukwera naye phiri. Gorodi anakumbidwa ndi makasu ndi mapiki, n'kutha cha mu 1905, m'zaka zomwezo zimene nyumba ya Stone House inamangidwa. Makona aja sanaikidwe mwachibwana. Anapangidwa kuti ngolo ikwere pang'onopang'ono, komanso kuti madzi a mvula azipatutsidwa asanapeze mphamvu.

Msewu wa m'phiri ngati uwu umakhala ndi moyo chifukwa cha ngalande zake. Ngalande ikadzaza mchenga ndi masamba, madzi amasefukira pamsewu. Chaka choyamba amangokumba kamzere koti mwana angadumphe. Chaka chachiwiri dothi lapita, kwatsala miyala yosongoka imene imang'amba matayala. Chachitatu khoma la pakona layamba kugumuka, ndipo ntchito imene anthu ochepa akanaitha ndi mafosholo mvula isanagwe tsopano ikufuna simenti, makina ndi kontrakitala. Gorodi wadutsa m'njira imeneyi kambirimbiri. Eni galimoto zabwino amaleka kukwera, otsalawo amakweza mtengo, ndipo amene amalipira ndi mayi wodwala wofuna kufika ku chipatala cha David Gordon Memorial, wophunzira wa University of Livingstonia, mlimi wa khofi ndi nthochi.

Pamene msewu wa phula wochokera ku Njakwa kupita ku Livingstonia unayamba kumangidwa, anthu anasangalala, ndipo anali ndi chifukwa. Ine ndemwe sindingafune kuti mayi woyembekezera azigwedezeka pamiyala chifukwa choti alendo amakonda malo ooneka achikale. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi maganizo oti phula likafika nkhani ya mayendedwe yatha. Phulanso limaphedwa ndi madzi omwewo. Taonani mmene chitunda cha Chiweta pa M1 chavutitsira, pamene mathanki ndi malole olemera amadutsa tsiku ndi tsiku. Dera lomweli lili ndi migodi ya malasha, ya Kaziwiziwi ndi Mchenga, choncho magalimoto olemera sali kutali.

Palinso anthu amene saoneka pa mapulani. Ambiri pa Khondowe amayenda wapansi kapena pa kabaza. Msewu wosalala wopanda njira ya oyenda pansi umathamangitsa galimoto pakati pa ana opita kusukulu. Ndipo nyumba zakale za pamishoni, tchalitchi, chipatala ndi Stone House, sizinamangidwe kuti malole azigwedeza nthaka pafupi ndi makoma ake. Mlendo amene wabwera kudzaona mathithi a Manchewe, ogwa mamita 125, amafuna poima galimoto, kenaka ayende wapansi ndi mnyamata wa m'mudzi womutsogolera. Akangodutsa pa liwiro, m'mudzi simutsala ngakhale ndalama ya nthochi.

Inu amene mumakhala m'makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera, mafumu, akuluakulu a Sinodi ndi a khonsolo ya Rumphi, akakubweretserani mapepala a msewu musangofunsa kuti phula lifika liti. Funsani kuti ngalande azitsegula ndani mu Okutobala, ndipo ndalama yake ichokera m'thumba liti. Funsani kuti lole yolemera matani angati iloledwa kufika pakati pa mishoni, mahampu akhala pati, siteji ya matola ndi kabaza ikhala kuti. Ndipo musalole kuti Gorodi atayidwe poti kwabwera njira ina. Anthu a ku Chitimba ndi m'mphepete monse mwa nyanja chipatala chawo chili pamwamba pa phirilo, ndipo kuzungulira ku Njakwa n'kutali kwambiri kwa munthu amene matenda amugwira usiku.