Kadamsana: Mwezi Waung'ono Uphimba Bwanji Dzuwa?

Pa 21 June 2001, cha m'ma 3 koloko masana, mdima unagwa mumzinda wa Lusaka. Unakhala mphindi zitatu ndi pang'ono, kenaka kunayeranso. Mdima womwewo unadutsa ku Angola, ku Zimbabwe, ku Mozambique ndi kunsonga ya kummwera kwa Malawi, n'kukafika ku Madagascar. Ameneyu ndiye kadamsana wa dzuwa. Angoni amamudziwa bwino, pakuti tsiku limene Zwangendaba ankawoloka Zambezi ndi anthu ake, mu November 1835, dzuwa linada masanasana.

Kadamsana amachitika mwezi ukadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa, mthunzi wake n'kugwera padziko. Zimenezi zimatheka pokhapokha mwezi uli kumdima, usanaoneke watsopano. Sizichitika mwezi ndi mwezi chifukwa njira imene mwezi umayendamo ndi yopendekeka pang'ono. Nthawi zambiri mthunziwo umaphonya dziko, umadutsa pamwamba kapena pansi.

Nanga kanthu kakang'ono ngati mwezi kangaphimbe bwanji dzuwa lonse? Kuchokera mbali ina kufika mbali ina, dzuwa ndi makilomita pafupifupi 1,400,000. Mwezi ndi makilomita 3,474 okha. Ndiye kuti dzuwa limaposa mwezi kuwirikiza ka 400. Koma dzuwa lili kutali, makilomita 150 miliyoni, pamene mwezi uli pa makilomita 384,000. Mukawerengera mupeza kuti kutalika kwa dzuwa nakonso n'kowirikiza pafupifupi ka 400. Kukula kwake kwafafanizidwa ndi kutalika kwake, ndipo ife tikayang'ana kumwamba ziwirizi zimaoneka ngati zofanana.

Yesani nokha usiku mwezi uli wathunthu. Tambasulani mkono, tsinzinani diso limodzi, muloze mwezi ndi kachala kakang'ono. Chikhadabo chokha chiuphimba wonse, malo n'kutsalako. Chala sichinakule ayi, chili pafupi ndi diso basi. Mwezi umachita zomwezo ndi dzuwa. Koma musayese zimenezi padzuwa, mungawononge maso.

Ubwino wa kufananaku umaoneka pa mphindi zochepa zija mdima ukagwa. Mwezi umatseka nkhope yowala ya dzuwa, koma umasiya m'mphepete. Pamenepo pamaoneka kuwala koyera, kwa nthenganthenga, kumene akatswiri a zakuthambo amakutcha korona. Kuwalaku kumakhalapo tsiku lililonse, kungoti dzuwa limakubisa. Nyenyezi zowala kwambiri zimatuluka, mphepo imazizira, nkhuku zimalowera kukhola. Mdimawu supitirira mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka.

Apa ndi pamene anthu amasiyana maganizo. Ena amati 400 uku ndi 400 uko sizingangochitika zokha, alipo anaziyeza. Mu 2004 Guillermo Gonzalez, katswiri wa zakuthambo, ndi mnzake Jay Richards analemba buku lotchedwa The Privileged Planet. Mfundo yawo ndi yakuti dziko lokhalo limene tikudziwa kuti lili ndi anthu otha kuyang'ana kumwamba ndi lomwenso lili ndi kadamsana wooneka bwino chotere. Anakumbutsanso kuti kadamsana waphunzitsa anthu zambiri. Pa kadamsana wa mu 1868 ku India, akatswiri anaona chizindikiro m'kuwala kwa dzuwa chimene chinathandiza kutulukira mpweya wa helium, usanapezeke pansi pano. Mu 1919 Arthur Eddington anapita pachilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, kukajambula nyenyezi zimene zinaoneka pafupi ndi dzuwa mdima utagwa. Zithunzizo zinasonyeza kuti kuwala kumakhota kukamadutsa pafupi ndi dzuwa, monga momwe Albert Einstein ananenera. Kwa anthu a maganizo amenewa, mwezi unaikidwa pamenepo dala.

Akatswiri ambiri a zakuthambo savomereza. Amati zinangokumanizana, ndipo amayamba ndi kunena kuti kufananako si kwenikweni. Mwezi sukhala pa mtunda umodzimodzi. Nthawi zina umayandikira mpaka makilomita 363,000, nthawi zina umatalikira mpaka 405,000. Kadamsana akachitika mwezi uli kutali, mweziwo umachepa, sukwanira kutseka dzuwa. M'mbali monse mumatsala mkombero wa moto ndipo mdima weniweni sugwa. Ndi zimene anthu anaona ku Rujewa, m'chigawo cha Mbeya ku Tanzania, pa 1 September 2016. Ndipotu kadamsana wa mkombero amabwera kawirikawiri kuposa wa mdima wathunthu. Mwa kuyankhula kwina, nthawi zambiri mwezi umaperewera pang'ono.

Chachikulu kuposa apo n'chakuti mwezi ukutithawa. Anthu amene anakatera pamwezi mu 1969, pa ulendo wa Apollo 11, anasiyako chipangizo chobweza kuwala. Mpaka lero akatswiri amatumiza kuwala kwa leza kuchokera pansi pano, n'kuwerenga nthawi imene kwatenga kuti kubwerere. Apeza kuti chaka chilichonse mwezi umatalikira ndi masentimita pafupifupi 4. Chimachititsa ndi kukokana kwa mwezi ndi madzi a m'nyanja zamchere. Amene anafikako ku Beira anaona madzi akudzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kukokana kumeneku kumachedwetsa kuzungulira kwa dziko pang'onopang'ono, ndipo kumakankhira mwezi kutali. Kale kwambiri mwezi unali pafupi, unkaoneka waukulu kuposa dzuwa. Pakadzatha zaka pafupifupi 600 miliyoni udzakhala utachepa moti kadamsana wa mdima wathunthu sadzaonekanso.

A mbali yoyamba amayankha kuti chodabwitsa n'chomwecho: bwanji kufananaku kwagwera nthawi imene anthu tilipo? Funsoli ndi labwino, koma "nthawi" yake ndi yotakata kwambiri. Ndi zaka mamiliyoni mazanamazana. Kadamsana wotere ankachitika munthu asanaponde padziko, ndipo ali ndi zaka zina zambirimbiri kutsogolo. Kumbukiraninso kuti maiko ena ozungulira dzuwa ali ndi miyezi yawo mazana angapo. Phobos, mwezi wa Mars, umadutsa pamaso pa dzuwa osalitseka. Miyezi ikuluikulu ya Jupiter imalitseka mopitirira muyeso. Pa miyezi yochuluka chotere, sizachilendo kuti umodzi ukhale wapakatikati. Ife anthu timagwira msanga zimene zafanana, zimene zasiyana sitiziwerenga.

Kuona kwanga, nambala ya 400 payokha siingagamule mlanduwu. Choyezera chimatiuza kukula, mtunda ndi liwiro, koma sichiyeza cholinga. Munthu wopemphera amene amati Namalenga anakonza zonse sanatsutsidwe ndi masentimita 4 aja, pakuti kwa iye ngakhale kukokana kwa mwezi ndi nyanja ndi ntchito ya Mlengi. Koma akati kadamsana ndiye umboni wake, wasankha umboni wofooka, chifukwa kufananako n'koperewera ndiponso n'kosakhalitsa. Winanso amene amati zinangochitika ayenera kudziwa kuti masamu amufikitsa pa "zimatheka popanda wokonza", osati pa "wokonza kulibe".

Kadamsana wina wa mdima wathunthu adzadutsa kummwera kwa Africa pa 25 November 2030, m'mawa, ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho. Abale amene ali ku Joni ndi ku Durban adzamuona bwino kuposa ife, amene tidzaone dzuwa litangodyeka mbali. Tsikulo musadzayang'ane dzuwa ndi maso okha, kapena ndi magalasi akuda a pamsika, kapena m'madzi a m'beseni. Diso limapsa mkati popanda kumva kuwawa. Boolani kabowo kakang'ono pa katoni, mufulatire dzuwa, kuwala kudutse pa kabowoko kugwere pa pepala loyera. Papepalapo mudzaona dzuwa ndi mbali yake yodyekayo.