Phunziro: Za Ulendo wa Mwana Wopita ku Sekondale

M'chaka cha 1994 boma la Malawi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana olembetsa anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. M'chaka cha 2025, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, m'boma la Mulanje, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti kuyambira January 2026 fizi ichotsedwanso m'sekondale za boma. Makolo anakondwa, ndipo m'pake. Koma alipo malipiro ena amene mwana wa kumudzi apereka tsiku ndi tsiku ndi miyendo yake, ndiwo mtunda wa pakati pa nyumba ya kwawo ndi sukulu.

1. Kukula kwa mtundawo

Sukulu zogonera komweko, monga Providence ya atsikana ku Chisitu, zilandira ana owerengeka okha. Ochuluka asankhidwira ku sekondale zoyendera, ndipo sekondale imodzi yotere imatunga ana a m'sukulu za pulayimale zingapo zotalikirana. Munthu woyenda ndawala atha makilomita 5 pa ola limodzi. Tsono mwana wokhala makilomita 10 kuchokera ku sukulu ataya maola awiri popita ndi awiri pobwera, ndiye kuti maola 20 pa mlungu. Anyamuka kusanache, m'mimba mulibe kanthu. Abwera dzuwa litapendeka, napeza mtsuko ndi nkhuni zili kumdikira, makamaka akakhala mtsikana.

Ku Mulanje mtunda ulemera koposa chifukwa cha madzi. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa italika mamita 3,002, likoka mvula yambiri, ndipo mitsinje yotsika m'phirimo, monga Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila, idzaza mwadzidzidzi. Dzinja likatha pabwera chiperoni ndi kuzizira kwake. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula milatho ndi misewu, ndipo sukulu zinatsekedwa.

2. Zipatso zake

Mwana wochedwa aphonya phunziro loyamba; wotopa asinza m'kalasi; wonyowa ndi mvula mawa lake ajomba. Pang'onopang'ono atsalira m'mbuyo, nalephera mayeso, ndipo anthu amutcha mbuli kapena waulesi, chonsecho wamgonjetsa ndi mtunda.

Makolo ena, pomvera chisoni mwana wawo, amchitira lendi kachipinda pafupi ndi sukulu kuti adzidziphikira yekha. Kumeneko alibe womyang'anira. Ufa ukatha, mtsikana asanduka nyama ya aliyense wokhala ndi ndalama m'thumba. Woyenda pansi naye akomana ndi omnyengerera pa njira, amene amlonjeza kumkweza ulere. Chaka cha 2017 Malawi anakonza malamulo ake aakulu kuti munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18, koma lamulo silimperekeza mwana m'njira ya m'minda ya tiyi.

3. Kodi basi ingathandize?

Pa msewu wa tala wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi pa boma la Mulanje mpaka ku Muloza, basi ingatumikire ana okhala m'mbali mwake. Koma basi ifuna mafuta tsiku lililonse, dalaivala wolipidwa, matayala ndi zipangizo zogula kunja ndi ndalama zakunja. Ndiponso ana ovutika koposa akhala kutali ndi tala, kumene njira zili za matope ndi milatho ya mitengo. Basi ikafa tsiku limodzi, ana onse ajomba pamodzi. Kabaza afika paliponse, koma kholo lolima chinanazi kapena lothyola tiyi silingamlipire kawiri pa tsiku chaka chathunthu. Chotsala ndi njinga yakapalasa ya mwanayo mwini.

4. Zimene ena anachita

M'chigawo cha Bihar, ku India, boma linayamba m'chaka cha 2006 kupatsa mtsikana aliyense wolowa sekondale ndalama zogulira njinga. Akatswiri awiri, Karthik Muralidharan ndi Nishith Prakash, anafufuza ntchitoyo napeza kuti atsikana olowa sekondale pa msinkhu woyenera anawonjezeka ndi 32 pa 100 alionse, ndipo phindu linaoneka koposa m'midzi yotalikirana ndi sukulu.

Pafupi pano, m'chigawo cha kumwera kwa Zambia, bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba m'chaka cha 2005, linagawira atsikana a m'makalasi omalizira a pulayimale njinga zolimba zotchedwa Buffalo. Kafukufuku wa m'sukulu 100 anaonetsa kuti nthawi ya pa njira inachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kuchedwa kunachepa ndi magawo awiri mwa atatu, ndipo kujomba kunachepa koposa gawo limodzi mwa magawo anayi.

5. Walira mvula walira matope

Njinga sidzisamala yokha. Chubu chiphulika, tcheni chiduka, masipoko athyoka. Palinso ngozi ina ya m'nyumba momwe: bambo aitenga kupita nayo ku msika, mchimwene aisandutsa kabaza, ndipo mwana abwerera ku ulendo wake wa pansi. Chifukwa chake bungwe lija silingotula njinga n'kuchoka. Pa sukulu iliyonse pakhala komiti ya makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a m'mudzi, imene isankha ana okhala kutali koposa. Mwana ndi kholo lake asayina pangano lakuti ntchito yoyamba ya njingayo ndiyo sukulu. Ndipo munthu wa m'dera lomwelo aphunzitsidwa kukonza njinga.

Apa ndi pamene akhristu a pa parishi ndi akatekisti ali ndi mbali yawo, pakuti iwo adziwa khomo lililonse. Angathe kulemba mayina a ana oyenda mtunda wautali ndi kupereka chiwerengerocho kwa komiti ya sukulu, kwa mfumu, kwa khansala ndi kwa phungu wa dera, popeza wopempha ndi chiwerengero m'manja amveka msanga. Angathe kusonkha kathumba ka zigamba ndi machubu. Angathe kukonza kuti ana a mudzi umodzi adziyenda pagulu, ndi kuti akulu adziwaolotsa pa mtsinje nthawi ya dzinja. Ndipo kholo lililonse lingathe kumchepetsera ntchito za m'mawa mwana amene ali ndi ulendo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi m'mphakati muno ana a sekondale alipo angati, ndipo wokhala kutali koposa ayenda maola angati?
2. Ndi angati anasiya sukulu chaka chatha, ndipo mtunda unali ndi mbali yanji pa kusiyako?
3. Ana ochita lendi pafupi ndi sukulu awayendera ndani?
4. Njinga zitabwera lero, angaziyang'anire ndani, ndipo angazikonze ndani?