Njira yopita ku sukulu ya za mankhwala

Khalani pansi, a Fomu 3, lero tisiye kaye buku. Ena mwa inu mwandiuza kuti mukufuna kudzakhala akatswiri a mankhwala, aja amatchedwa famasisiti. Chabwino. Koma musaganize kuti ntchitoyi ndi yongowerengera mapilisi pa windo la chipatala cha boma la Ntcheu. Katswiriyu amadziwa chifukwa chake mwana wodwala malungo amapatsidwa LA molingana ndi kulemera kwake, amadziwa mankhwala omwe sayenera kukumana m'thupi limodzi, komanso amazindikira kuti makapisozi ogulitsidwa padzuwa mumsika akhoza kukhala atatha kale mphamvu.

Digiri imeneyi imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS mwachidule, ku Blantyre pafupi ndi chipatala cha Gulupu. Makolo anu amaidziwa ngati College of Medicine. Dzina linasintha mu 2021 pamene sukuluyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing. Maphunziro a za mankhwala anayamba kumeneko mu 2006. Wochokera ku MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, kenako zaka 4 za digiri yeniyeniyo.

Fomu yofunsira malo imadzera ku bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira m'mayunivesite a boma. Pamafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Tsono mvetserani apa. Kirediti imayambira pa 6, koma 6 sakufikitsani ku KUHeS, chifukwa malo ndi ochepa ndipo mukulimbirana ndi ana a dziko lonse. Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry mufunika muzimenye ndi 1, 2 kapena 3. Chemistry makamaka. Amene akuithawa chaka chino poti ndi yovuta wadzitsekera yekha chitseko, ndipo m'Fomu 4 sadzachitsegulanso. Ndikudziwa kuti labu yathu ilibe zambiri, koma mayeso a MANEB safunsa zimenezo.

Za fizi, kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Ndi ngongole, si mphatso. Mudzabweza mukayamba ntchito.

Mukamaliza digiri simunamasuke. Mumagwira kaye ntchito pansi pa akatswiri anzanu akuluakulu, kenako bungwe la PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, limakulembani m'kaundula. Popanda kulembedwa simungatsegule famase ngakhale pa Kampepuza pomwepa.

Nanga udokotala? Wina wandifunsa dzulo. Ku America, aliyense wofuna ntchitoyi amatenga digiri yotchedwa PharmD, ndipo amatuluka akutchedwa dokotala wa mankhwala. Kwathu kuno sizili choncho. Udokotala umabwera pambuyo pake kudzera mu PhD: digiri yoyamba, kawirikawiri ya masitazi pamwamba pake, kenako zaka 3 kapena kuposerapo za kafukufuku. Kumeneko sakufunsaninso mapointi a MSCE. Amafuna funso lanulanu lofufuza, lolembedwa bwino, ndi mphunzitsi wovomera kukuyang'anirani. Mwachitsanzo, kodi mankhwala olowa mozemba m'malire athu ndi Mozambique ali ndi mphamvu yomwe yalembedwa pa paketi?

Mapointi a MSCE akapanda kukwana kuti mulowe ku KUHeS, Malawi College of Health Sciences ili ndi dipuloma ya za mankhwala ku Lilongwe, ndipo ena amachokera kumeneko n'kukalowa digiri atagwirako ntchito. Tsopano tulutsani makope a Chemistry.