PHUNZIRO KWA ODIKIRA ODWALA: MKONONO WOOPSA

Munthu wonenepa akagona naliza mkonono, anzace amangoseka nati ali m'tulo tabwino. Koma si mkonono wonse uli wa mtendere ai. Ulipo wina umene uli nthenda ndithu. Madokotala aicha sleep apnea, ndiko kunena kuleka kupuma m'tulo.

Cimene cicitika ndi ici. Munthu akagona, minofu ya pakhosi ilefuka, lilime ligwera kumbuyo, ndipo njira ya mpweya, imene mafuta aipanikiza kale, itsekeka. Mkonono uleka mwadzidzidzi, pakhala zii kwa masekondi 10 kapena kuposa. Kenaka munthuyo adzidzimuka ngati wotsamwa, nayambanso kuliza. Nthenda ikakula, izi zicitika koposa ka 30 pa ola limodzi, mwini wace osadziwa kanthu. Mtima ndiwo uvutika: magazi athamanga kwambiri, ena afa nazo ziwalo. Usana munthuyo angosinza, ndipo ngati ali woyendetsa minibasi pa mseu wa M1, moyo wa anthu ambiri uli pangozi.

M'cipatala ngoziyi ikula, cifukwa mankhwala ogonetsa pa opareshoni ndi oletsa ululu, monga morphine, afooketsanso kupuma. Namwino wa usiku pa cipatala ca boma ca Ncheu ali ndi odwala ambiri, sangathe kuima pa bedi limodzi kufikira m'mawa. Amene amva zonse ndi mbale wodikira wodwalayo. Mkazi amene wamva mwamuna wace akubanika usiku ndi usiku asacite manyazi: auze namwino kapena dokotala mankhwala asanaperekedwe. Akatekisti poyendera odwala acita bwino kukumbutsa odikira za ici.

Mu 2008 Dr. Frances Chung wa ku Toronto anakonza mafunso 8 ozindikirira nthendayi. Afunsa za mkonono, kutopa usana, kuthamanga kwa magazi, kunenepa, kukula kwa khosi, zaka zopitirira 50, ndiponso ngati wodwala ali mwamuna. Funso lotsala nlakuti: kodi wina anamuona akuleka kupuma? Limeneli wodwala sangaliyankhe yekha.

Cithandizo cace cacikulu ndi makina a CPAP, amene Dr. Colin Sullivan wa ku Sydney anawalengeza mu 1981. Auzira mpweya m'mphuno usiku wonse kuti khosi lisatsekeke. Koma ngodula, ndipo afuna magetsi. Kumudzi zilipo zina zothandiza: wodwala agone cammbali, osati cagada, mutu utakwezedwa, aleke kacasu ndi masese, makamaka madzulo, asamwe mapiritsi a tulo popanda dokotala, acepetse thupi. Comalizaci ncovuta kumene anthu akali kuyesa mimba yaikulu cizindikiro ca cuma, komatu ngakhale makilogalamu ocepa akacoka, kupuma kupepukako.