Phunziro la Mwezi Uno: Kumene Madzi Athu Achokera

Chaka ndi chaka pofika mwezi wa Okutobala timva madandaulo amodzimodzi m'midzi yambiri. Chitsime chaphwa, mtsinje umene makolo athu anali kuwoloka madzi ali m'chiuno wasanduka mchenga, amayi alawira tambala woyamba kukadikira madzi pa dzenje. Ena ati mvula yachepa, ena ati dziko lakalamba. Tsono ife, pofuna kuona ndi maso athu kumene madzi achokera ndi kumene atayikira, tinapangana anthu owerengeka kuti tikayende tsiku lathunthu m'nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, mwezi wa Epulo, mvula itangoleka. Zimene tinaonazo tizilemba pano mwa dongosolo lake, kuti amene sanapite aphunzire pamodzi nafe.

1. Panjira

Tinanyamuka ku Dowa mbandakucha pa galimoto, tinalunjika kumpoto, ndipo dzuwa potuluka tinali pakati pa mapiri. Phunziro loyamba linatipeza tisanatsike n'komwe. Minda ya chimanga ndi ya fodya yakwera mapiri ambiri kufikira pamwamba pake, ndipo mitengo yachilengedwe yatsala m'malo awiri makamaka: pa manda, pamene mwambo uletsa nkhwangwa, ndi m'nkhalango zosungidwa ndi boma, monga ya Kongwe. M'mbali mwa mapiri opanda mitengo tinaona zigwembe zofiira, zina zakuya kuposa msinkhu wa munthu.

Mitengoyo inapita kuti? Ina inamanga zigafa za fodya, ina inaotcha njerwa, ina inasanduka makala opita kumzinda, ina inagwa kuti ana apeze polima, pakuti anthu tachuluka ndipo dziko silinakule. Sitinena izi monga oweruza ayi, popeza ifenso nsima yathu iphikidwa pa nkhuni.

2. Mtsogoleri wathu

Titadutsa ku Chinthembwe tinafika pa nyumba ya alendo imene ili m'mphepete mwa nkhalango. Nyumbayo inamangidwa m'chaka cha 1914 kuti muzikhala bwana wa boma wa Chingerezi, ndipo lero itchedwa Ntchisi Forest Lodge. Nkhalango yake inaikidwa m'manja mwa boma kuti isungidwe m'chaka cha 1924, ndipo kukula kwake kuposa mahekitala 7,000.

Pamenepo tinatenga mtsogoleri, bambo wa m'mudzi wapafupi, wodziwa njira zonse za m'phirimo. Wina mwa ife anang'ung'udza kuti munthu wamkulu salipira ndalama kuti amuonetse thengo, koma tisanayende nthawi yaitali tinafika pamene njira zinagawikana patatu, ndipo nkhungu inali itaphimba phiri. Mbale wathuyo anakhala chete. Akulu anati safunsa anadya phula. Ndiponso tizindikire kuti ndalama imene mtsogoleri alandira ichititsa kuti mtengo woimirira ukhale wa phindu kwa iye ndi banja lake, osati wogwa wokha.

3. Mitengo ya m'munsi ndi ya pamwamba

M'munsi mwa phiri muli mitengo imene tonse tiidziwa: mombo, msuku, muwanga ndi inzake. Iyi iyoyola masamba m'chilimwe, ndipo pansi pake pamera udzu. Ndiyo itipatsa masuku, bowa wa dzinja, luzi, ndi maluwa amene njuchi zipangira uchi. Gawo lalikulu la nkhalango ya Ntchisi ndi la mitengo yotere.

Koma titakwera ndithu, tinalowa m'dziko lina. Dzuwa linabisika, mphepo inazizira, ndipo tinaima pansi pa mitengo yaitali kwambiri, imene siyoyola masamba chaka chonse. Mitsitsi ilendewera kuchokera kunthambi, ndere zamera pa makungwa, ndipo pamwamba tinamva nchima zikudumpha, ngakhale tinaziona mwa kanthawi chabe. M'njira munali minga ya nungu ndi pamene nguluwe zinafukula usiku. Mtsogoleri anatisonyeza kachere wamkulu wa mphako, natiuza chiyambi chake: mbalame isiya njere pa nthambi ya mtengo wina, njereyo imera pomwepo, itsitsa mizu kufikira pansi, ndipo patapita zaka zambiri izinga mtengo uja mpaka ufa ndi kuvunda m'kati mwake.

Nkhalango yobiriwira yotere ndi gawo laling'ono chabe la phirilo, ndipo m'dziko lonse la Malawi zatsala zowerengeka. Akuluakulu asimba kuti m'zaka za m'ma 1800, pa nthawi ya nkhondo za Angoni, Achewa anali kuthawira m'menemo ndi kubisala, ndipo chifukwa inapulumutsa miyoyo yawo, iwonso anaileka osaidula. Lero zidzukulu za othawa ndi zidzukulu za owathamangitsa zikhala pamodzi mwamtendere m'tsinde mwa phirilo, zakwatirana, ndipo zimwa madzi a mitsinje imodzimodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani mitengo ya pamwamba siuma? Mphepo ya mwera, podutsa pa nyanja, itenga chinyezi. Pogunda phiri ikwera. Pokwera izizira, ndipo chinyezicho chisanduka nkhungu. Masamba agwira timadontho ta nkhunguyo, nitigwera pansi ngakhale miyezi imene kumidzi kulibe mvula. Mitengo ikachoka, nkhungu ingodutsa osasiya kanthu.

Apa mtsogoleri anachita chinthu chimene tipempha aphunzitsi onse achionetse kwa ana. Anatiuza tilowetse dzanja pansi pa masamba ovunda, ndipo tinapeza nthaka yakuda, yofewa, yonyowa. Anathira madzi a m'botolo pamenepo, ndipo analowa nthawi yomweyo. Pambuyo pake, titafika pa njira youma yopondedwa, anathiranso madzi, ndipo sanalowe, koma anayenderera pamwamba atatenga fumbi. Phunziro lonse la tsikulo lili m'mabotolo awiriwo.

4. Pamwamba pa phiri

Dzuwa lili pamutu nkhungu inayera, ndipo tinaima pa thanthwe loyang'ana kum'mawa. Phiri la Ntchisi lipitirira mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Chotero madzi ogwa pamene tinaimapo atsika mamita oposa 1,000 asanafike kunyanja. Tinaiona nyanjayo itayala kutali, ndi mapiri a tsidya lija akuoneka mwa chizimezime.

M'mphepete mwake, kum'mwera kwa boma la Nkhotakota, kuli thamanda lalikulu la Chia, limene lilumikizana ndi nyanja pa kamtsinje kakafupi. Mitsinje imene idzaza Chia, monga Lifuliza ndi Likoa, ichokera m'mapiri a Ntchisi. Tsono taonani: munthu akadula mitengo m'mbali mwa mtsinje kuno kumtunda, nthaka ya munda wake itsika ndi madzi, nikakhala matope m'Chia, kumene nsomba ziswana ndi kumene asodzi apeza chakudya cha ana awo. Mlimi wa kumapiri ataya chonde, msodzi wa kunyanja ataya nsomba, ndipo awiriwo sadziwana ngakhale dzina.

Chakumpoto kuli thengo lalikulu losungiramo nyama la Nkhotakota. Kumeneko nyama zinatsala pang'ono kutha ndi opha mozemba. Koma m'chaka cha 2015 bungwe la African Parks linayamba kulisamala mogwirizana ndi boma, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 anatengerako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Tinena izi kuti tidziwe kuti malo oonongeka akhoza kubwerera, anthu akatsimikiza mtima.

5. Pa mathithi

Potsika tinatsata kamtsinje. Poyamba panali ponyowa chabe pakati pa mizu. Patsogolo pang'ono madzi anayamba kuyenda. Tifuleni tina tinathiramo, ndipo posachedwa tinamva mkokomo. Tinafika pa mathithi, pamene madzi agwa pa miyala, oyera ndi ozizira kwambiri, mwakuti mwala uliwonse wa pansi pa dziwe unali kuoneka. Tinakhala pamenepo ndi kudya kamba wathu.

Wina anafunsa kuti, popeza pamwamba pa phiri sitinaone nyanja kapena dziwe lalikulu, madzi osalekawa achokera kuti? Yankho lake ndi ili: nkhokwe ya madzi ilipo, koma ili pansi pa mapazi athu. Mvula ya dzinja ilowa m'nthaka ya masamba ija, itsata mizu, nisungika m'ming'alu ya miyala, ndipo ituluka pang'onopang'ono pa akasupe miyezi ya chilimwe. Pa phiri lopanda mitengo mvula yomweyo ithamanga tsiku limodzi, yofiira ndi dothi, igumula milatho ndi kukokolola madimba, ndipo pofika Okutobala mtsinje uli gwaa. Mvula ingakhale yofanana pa mapiri awiriwo. Chosiyana ndi chakuti lina lasunga ndipo lina lataya. Madzi akatayika saoleka.

6. Kumene nkhalango ibwerera

Chakumadzulo tinatuluka m'malire a boma, ndipo mtsogoleri anatitengera ku nkhalango ya mudzi. Lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997 lilola mudzi, motsogozedwa ndi nyakwawa, kupatula malo akeake a mitengo ndi kusankha komiti yowayang'anira. Malo amene tinaonawo anali zitsa zokhazokha kale, koma tsopano mitengo yapitirira denga la nyumba, ndipo yambiri mwa iyo palibe anaibzala.

Chinsinsi chake n'chakuti chitsa cha mombo kapena cha msuku sichifa msanga. Mizu yake ili moyo pansi, ndipo chaka chilichonse chitulutsa mphukira. Koma ife tizitema polima, mbuzi zizidya, ndi moto uzitentha. Tsono ntchito yake ndi iyi: pa chitsa chilichonse musankhe mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, mudule zinazo, musadze nthambi za m'munsi, ndipo mulambule njira yotchinga moto kuzungulira malowo udzu usanaume. Popeza muzu ndi wakale, mtengo ukula msanga kuposa mbande ya ku nazale, ndipo sulira kuthirira. Njira imeneyi inadziwika kwambiri kuchokera ku dziko la Niger, kumene Tony Rinaudo wa ku Australia anayamba kuiphunzitsa m'chaka cha 1983, ndipo alimi a dziko louma lija abwezera mitengo pa mahekitala mamiliyoni angapo.

Pamene zitsa zinazulidwa, m'pofunika kubzala. M'mbali mwa mitsinje ayenera katope, mkuyu ndi mbawa; m'minda uyenera msangu, umene uyoyola masamba nthawi ya dzinja, chotero suphimba chimanga koma uchipatsa chonde. Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu iyamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma wanzeru abzala ndi mvula yoyamba. Tinaonanso ming'oma ya njuchi yopachikidwa m'mitengo. Mwini mng'oma salola moto kapena nkhwangwa kufika pafupi, ndipo potero asanduka mlonda wosalipidwa.

M'chaka cha 2016 dziko la Malawi linalonjeza pamaso pa maiko ena kuti lidzabwezera mitengo ndi chonde pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika chaka cha 2030. Lonjezo lotere lilembedwa ku likulu, koma likwaniritsidwa pa chitsa chimodzichimodzi, m'munda mwa inu ndi ife.

7. Zimene tiphunzira

Choyamba, madzi a pa mathithi, a m'chitsime cha mudzi ndi a m'Chia ndi amodzi, ndipo mtengo wa pa phiri ndiwo uwasunga.

Chachiwiri, tisanyoze mbale wootcha makala popanda kuona njala imene yamutuma. Kumuletsa kokha sikukwanira. Mudzi umuthandize kupeza njira ina, monga njuchi, dimba, kapena mitengo ya zipatso. Amayi nawonso achepetsa nkhuni akaphikira pa mbaula ya dothi m'malo mwa mafuwa atatu.

Chachitatu, munthu mmodzi sangasunge phiri. Iye akasamala zitsa zake, mnzake wosaka mbewa akayatsa moto, ntchito ya zaka zitatu ipsa madzulo amodzi. Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi ifunika kukambidwa pa bwalo, nyakwawa ilipo.

Tinabwerera kwathu kutada, miyendo ikuwawa, koma mitima ili yokondwa. Tikupemphani kuti amene angathe apangane, atenge ana a sukulu, apeze mtsogoleri, akaone okha. Amene sangathe kufika ku Ntchisi atsate mtsinje wa kwawo kufikira pamene uyambira, ndipo aone chimene chamera pamenepo.

Mafunso okambirana

1. Kodi mtsinje kapena chitsime cha mudzi wanu chiphwa mwezi uti? Funsani okalamba ngati zinali chomwecho pa ubwana wawo.
2. Fotokozani chifukwa chake madzi a m'botolo analowa pansi m'nkhalango, koma anayenderera pa njira.
3. Kodi mlimi wa ku Ntchisi angamulakwire bwanji msodzi wa ku Chia, asanaonane?
4. Werengani zitsa zamoyo m'munda mwanu. Ndi zingati zimene mungazisiyire mphukira chaka chino?
5. Kodi m'mudzi mwanu muli malo amene angapatulidwe kukhala nkhalango ya mudzi? Ndani adzayamba kunena kwa nyakwawa?

Mayankho anu mutitumizire, ndipo ena tidzawasindikiza mwezi wamawa.