PHUNZIRO LA CHINGEREZI: MAU AKUTI "FAST"

Mwa mau a Chingerezi amene amasokoneza ophunzira, ochepa ndiwo aposa mau akuti "fast". Ali ndi malemba anai okha, koma asenza matanthauzo atatu, ndipo munthu wosawasiyanitsa angathe kudzigwetsa m'bvuto.

1. Kulimba. Ili ndilo tanthauzo lache la makedzana. "Hold fast" ndiko kugwiritsa, osataya. Mwana amene ali "fast asleep" wagona tulo tofa nato. Nsalu ya "fast colours" ndiyo yosasuluka poichapa.

2. Liwiro. Munthu wothamanga molimba amafika msanga. Chotero mauwa anayamba kutanthauzanso changu. "A fast train" ndiyo sitima yaliwiro. Wochi ikakhala "fast", ndiye kuti yatsogola, ikuonetsa nthawi imene isanakwane.

3. Kusala zakudya. Akatswiri a mau amati ilinso linaphuka pa loyamba lija, pakuti wosala amagwiritsa lamulo ngakhale njala imuwawe. Chakudya cha m'mawa amachicha "breakfast" chifukwa chimamasula kusala kwa usiku. Tanthauzo limeneli ndilo lokhudza ife Akristu: Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera ndiwo "fast days", ndipo kwa Akatolika lamulo lache limamanga a zaka 18 kufikira 59.

Nanga tidzazindikira bwanji tanthauzo loyenera? Gwirani mfundo iyi: mauwa akamanena chinthu chimene munthu achita, monga "to fast" kapena "you must fast", nthawi zonse atanthauza kusala. Koma akamafotokoza mkhalidwe wa chinthu kapena machitidwe ache, monga "run fast", pamenepo ndi liwiro kapena kulimba.

Nkhaniyi siya m'sukulu mokha ai. Kuchipatala, dokotala pofuna kuyesa shuga m'magazi amalemba kuti wodwala achite "fast", kawiri-kawiri maola 8. Wina akamva ngati amuuza kuti afulumire, adzalawirira atadya phala, ndipo magazi ache adzanamiza dokotala. Inu aphunzitsi, amene anthu a m'midzi amabwera kwa inu ndi makalata kuti muwawerengere, chenjerani pamenepa. Ndipo mukakayika, bwererani kukafunsa amene analemba.

Nchito ya kunyumba: masulirani m'Chichewa mau awa. (a) The door is stuck fast. (b) She walks fast. (c) We fast on Good Friday. Mayankho mudzawapeza m'nyuzi ikudzayo.